Alamu Ajambula Kachilombo ka mu Sitiroberi

Masamba a sitiroberi a mayi Esitere atayamba kuchita timadontho tachikasu n'kumafota, mlangizi wa zaulimi, a Hamilton, omwe anali kumaphunziro ku Lilongwe, anawauza pafoni kuti asathire mankhwala aliwonse asanatumize chithunzi cha kachilombo komwe kakuononga. Foni ya a Esitere inkangojambula chinthu chobiriwira chopanda mutu ndi miyendo, ndiye anaitana alamu awo a Tobias, amuna a mng'ono wawo, omwe ali ndi situdiyo ya zithunzi pafupi ndi msika wa Zomba, kuti akwere kuphiri adzawathandize.

A Tobias anafika Lachisanu m'mawa pa njinga yamoto ya kabaza, atavala jekete ya matumba ambirimbiri, chikwama cha kamera atachikumbatira pamimba. Dimba la a Esitere lili pamalo otsetsereka, kunsi kwa mitengo ya paini, ndipo kamphepo kozizira sikasiya kuwomba pamenepo. Ndi dimba lomwelo lomwe limadyetsa banja lawo. Sitiroberi akapsa, amagulidwa ndi anthu ogulitsa kwa alendo m'mphepete mwa msewu wokwera phiri, ndipo chaka chino mizere itatu inali itafota kale.

Atalonjerana ndi kufunsana za ana, a Tobias anatsitsa chikwama n'kupinda manja a jekete.

"Kali kuti kachilomboko?"

"Kunsi kwa tsamba."

"Tsamba liti?"

"Lililonse, alamu. Tizilomboti tilibe tsankho."

A Tobias anatembenuza tsamba limodzi, naona tinthu tonga fumbi tikuyendayenda. Anagwedeza mutu ngati dokotala yemwe waidziwa kale nthenda, kenako anatulutsa kachikwama kakang'ono momwe munali magalasi anayi ozungulira. Magalasi amenewa anawagulira ndi mnzawo woyendetsa thiraki ya ku Joni, ndipo chiwabweretsereni anali asanagwirepo ntchito, poti anthu odzajambulitsa zithunzi za pachiphaso safuna kuona timabowo ta pamphuno pawo. Kagwiritsidwe kake a Tobias anakaphunzira pamavidiyo a pafoni, ndipo anali akudikira tsiku ngati limeneli.

"Awa ndi mafyuluta," anatero.

"Fyuluta ngati ya madzi ija?"

"Ayi, iyi siisefa kanthu."

"Nanga amaitchuliranji fyuluta?"

"Ndi dzina chabe. Ntchito yake n'kuyandikitsa. Ndikaimanga kutsogolo kwa lenzi, galasi lalikulu la kamerali, kachilombo kanu kakula ngati mbuzi."

A Esitere anayang'ana magalasiwo, kenako anayang'ana mizere yawo.

"Alamu, kali kochepa chonchi kandithera mizere itatu. Kakafika pa mbuzi nditsala ndi chiyani?"

"Kakula m'chithunzi."

"M'munda ayi?"

"M'munda kakhala momwe kaliri."

"Ngati ndi choncho chabwino. Koma muyambe ndi galasi laling'ono, tione kaye."

A Tobias anafotokoza kuti magalasiwo ndi ofanana kukula, amasiyana mphamvu. Anawawerengera manambala olembedwa m'mphepete: pulasi wani, pulasi thuu, pulasi folo, pulasi teni. Anati munthu akawasanjikiza mphamvu zimaphatikizana, ndipo lamphamvu kwambiri limayamba ndilo kukhala kufupi ndi kamera. A Esitere anati magalasi awo owerengera Baibulo nawonso ndi pulasi thuu, anawasankha okha pamsika, ndiye ngati pangaperewere atha kukawatenga kunyumba. A Tobias anayankha kuti zipangizo za ntchito sizisakanizidwa ndi zinthu za kutchalitchi.

Anamanga pulasi thuu, nagona chafufumimba pakati pa mizere, zigongono zili m'dothi lonyowa. Tsamba linkavina ndi mphepo.

"Nditchingireni mphepoyi."

A Esitere anamasula chitenje chapamwamba, nachitambasula ndi manja awiri, naima kumbali komwe mphepo inkachokera. Tsamba linasiya kuvina, koma m'kamera munachita mdima.

"Mwanditchingira dzuwa."

"Dzuwa ndi mphepo zikuchokera mbali imodzi. Ndilowetse chiti?"

"Dzuwa lilowe, mphepo itsale."

"Zimenezo ndiye zofuna fyuluta yosefa, alamu. Yanuyi mwati siisefa."

A Tobias anabwezera diso pakamera. Anawauza kuti atsitse chitenje pang'ono, akweze pang'ono, apendeke, abwerere pomwe anali poyamba. Pomaliza a Esitere anagwada, dzanja lina litagwira chitenje, lina litagwira phesi la tsamba, nkhope yawo ili pafupi ndi khutu la alamu awo. A Tobias anafotokoza, diso lili pakamera, kuti ukayandikira chonchi malo ooneka bwino amapyapyala ngati ulusi, moti ukangosuntha pang'onong'ono mutu wa kachilombo umaoneka koma matako ayi.

"Ndiye kuyambira pano musapume."

"Chidzukireni m'mawa sindinapume. Ndathirira, ndapalira, ndaphikira ana."

"Ndikunena mpweya. Mukupumira patsamba."

"Oho."

A Esitere anakoka mpweya n'kutseka pakamwa. A Tobias anayamba kusuntha kamera pang'onopang'ono, kutsogolo, m'mbuyo, kutsogolo, akung'ung'udza okha. Anaiwaliratu kuti pali munthu. Tsamba linayamba kunjenjemera, kenako linagwedezeka mwamphamvu, kenako linachoka m'kamera. Atadzutsa mutu anapeza alamu awo atakhala pansi, maso atatuluka, akupuma ngati munthu wokwera phiri ndi mtolo wa nkhuni, tsamba lili m'manja lothothoka.

"Simunanene kuti mpaka liti," anatero a Esitere atapeza mawu.

Popeza tsamba linali litathothoka kale, anagwirizana kuti aliike pamwala, kunsi kuyang'ane kumwamba. Apo zinthu zinayamba kuyendako. A Tobias anachotsa pulasi thuu n'kuika pulasi folo, ndipo timadontho tija tinayamba kuoneka kuti tili ndi miyendo. Koma kamodzi komwe anakasankha kanali kosakhazikika. Akati akakole apa, kanali katapita apo.

"Kakanangoima malo amodzi kameneka, bwenzi titamaliza," anadandaula.

Chala chachikulu cha a Esitere chinatsika patsamba, chinapotokola pang'ono, n'kuchoka.

"Kaima."

A Tobias anayang'ana m'kamera nthawi yaitali. Pamalo pa kachilombo panali kadontho kofiirira.

"Mwakapha."

"Munati kaime."

"Kaime kali moyo. A Hamilton adziwa bwanji mtundu wake pamene mwakasandutsa phala?"

"Tilipo tambiri, alamu. Tikanakhala tochepa sindikanakuitanani."

Anasankha kena. A Tobias anajambula kangapo, ndipo chithunzi chimodzi chinatuluka chooneka ndithu: tsamba, timaulusi tonga ta kangaude, ndi tinthu tingapo tofiirira. A Esitere atachiona pagalasi la kumbuyo kwa kamera anati chimenecho chakwana, atumize basi, iwo akathirire mizere yotsala dzuwa lisanakwere. A Tobias anakana. Anati chithunzi chotuluka m'manja mwawo chimayenda ndi dzina lawo, ndipo sangalole kuti ku Lilongwe anthu aziti ku Zomba kulibe ojambula. Anati a Hamilton ayenera kuona ngakhale ndevu za kachilomboko. Anachifufuta pomwepo.

"Mwachifufuta?"

"Chinali chongoyesera."

"Alamu, sitiroberi wanga sakuyesera kufota."

A Tobias anamanga magalasi onse anayi, pulasi teni pansi, enawo pamwamba, mpaka kutsogolo kwa kamera kunatalika ngati chitini cha nsomba. Tsopano kuti aone kanthu ankayenera kuyandikira mpaka galasi kutsala pang'ono kukhudza tsamba, ndipo mthunzi wa kamera yomweyo unkaphimba tizilombo. Atajambula, anaonetsa a Esitere monyadira. M'makona munali mdima, m'mphepete munali mitundu yofiira ndi yabuluu, pakati panali chinthu chotuwa.

"Mukuona chiyani?" anafunsa.

"Ngati ndasuzumira m'chitsime."

"Pakatipo."

"Pakatipo ngati munthu wagwetsamo mbatata."

"Umenewo ndi mwendo."

"Wa ndani?"

A Tobias anati vuto ndi magalasi otchipa, komanso dzuwa la kuphiri, komanso anthu olankhula pamene wina akugwira ntchito. A Esitere anawapempha kuti abwerere ku pulasi folo yemwe anaonetsa miyendo uja. Iwo anati munthu amene wafika pomwe afikapa sabwerera ku pulasi folo. Panali njira ina yoposa zonse, yomwe akatswiri okha ndiwo amaidziwa: kusanjikiza malenzi enieniwo. Pakamera pakhale lenzi yaitali, yomwe amajambulira mpira ndi ana omaliza maphunziro ali patali, ndipo kutsogolo kwake amangirirepo lenzi yaing'ono, koma chozondoka.

"Chozondoka bwanji?"

"Ziyang'anizane. Pamaso pa iyi pakhudze pamaso pa iyo."

"Ngati zikupsompsonana?"

"Ngati mukufuna kutero."

"Ndiye zikamayang'anizana zokhazokha, kachilomboka akayang'ana ndani?"

"Yaing'onoyo ikayang'anira kumbuyo."

A Esitere anati kumbuyo si koyang'anira, koma poti zinthu zake n'za ku Joni, iwo sangatsutse. Kunapezeka kuti mkombero wachitsulo wolumikizira malenzi awiriwo a Tobias analibe, mnzawo wa thiraki uja anauiwala. A Esitere anapita pakhumbi pomwe amasungira makasu, nabwera ndi mphira ya chubu cha njinga yomwe amamangira paipi yamadzi ikathyoka. A Tobias anaiyang'ana mokayika, koma anailandira.

Kuti asinthe malenzi anafunika manja onse awiri. Anachotsa lenzi yaing'ono ija, kamera n'kutsala ndi dzenje kutsogolo, napereka kamerayo kwa alamu awo mosamala ngati akupereka khanda.

"Iyi ndi yosatseka. Muiike pamalo pofewa, kukamwa kuyang'ane pansi, kuti fumbi lisalowe."

"Pofewa, kukamwa pansi."

"Basi."

Anatembenuka, nayamba kupukuta magalasi ndi kansalu n'kumakulunga mphira. A Esitere anayang'ana mozungulira. Pamwala panali polimba. Padothi panali matope. Paudzu panali nyerere. Pofewa penipeni, poyera, panali pamwamba pa tsinde la sitiroberi la masamba ambiri, limodzi mwa omwe anali asanafote. Anaikhazika pamenepo, kukamwa pansi, masamba n'kulowa pang'ono m'dzenje lija, ndipo anaimirira pambali kuilondera. A Tobias atamaliza anatambasula dzanja osatembenuka, a Esitere anainyamula n'kuwapatsa.

Chinthu chomwe chinatuluka pamenepo chinali chachitali ngati mtondo waung'ono, chomangidwa ndi mphira pakati, chopendekera kumanzere. A Tobias anagonanso chafufumimba, nachilozetsa patsamba lija, naika diso pakabowo kosuzumirira. Kenako analankhula motsitsa mawu.

"Alamu, ndakapeza."

"Kakuoneka?"

"Kakuoneka ngati kali m'manja mwanga. Kooneka ngati peyala, miyendo yakutsogolo yaitali, kakuyenda mothamanga. Chiyambireni kujambula sindinaonepo chinthu chooneka bwino chonchi."

"Jambulani msanga."

Kamera inalira. Onse awiri anaweramira pagalasi la kumbuyo. Panali zobiriwira zokhazokha, zosalala, popanda ngakhale kadontho.

"Kathawa," anatero a Tobias, nabwezera diso pakabowo. "Ayi, ndi aka."

Kamera inaliranso. Pagalasi panalibe kanthu. Inaliranso kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi. A Tobias anati kamathawa kakamva phokoso n'kubwerera phokoso likatha. A Esitere anafunsa ngati kachilombo kochepa ngati fumbi kangakhale ndi makutu, komanso kuti kamathawira kuti mwachangu chotero.

"Mukukaona pano?"

"Ndikukaona."

"Ndipo mukajambula sikatuluka?"

"Sikakutuluka."

A Esitere anafunyulula chitenje n'kudzifunditsa mapewa.

"Ine ndine wa Mvano, zinthu izi sindizikhulupirira. Koma kameneko n'kokhwima."

"Palibe kukhwima apa. Ndi nkhani ya kuwala."

"Chinthu chooneka ndi maso koma chokana chithunzi, kwathu kuno timati chokhwima. Ndipo ndikudziwa amene angakhale atakatumiza. Sitiroberi wake chaka chatha anali wowawasa."

A Tobias anawauza kuti asiye kutchula anthu, chifukwa kachilomboko kanali kayamba ulendo. M'kabowo kaja kankaoneka kakukwera chakumwamba, ndiye iwo anakweza kamera kukatsatira. Ndi malenzi osanjikizawo chilichonse chosakhala pafupi penipeni chinkangooneka ngati utsi wa mitundu, choncho sankadziwa pomwe alozetsa. Ankangoona kachilombo kakuyenda pamwamba pa utsi wobiriwira, kenako wakuda, kenako wofiira.

"Kachoka patsamba. Kali pachinthu chofiira."

"Chofiira ndi chitenje changa."

"Ndiye kakukwerani."

A Esitere anayamba kudzikutumula. A Tobias anadzuka chogwada, kenako anaimirira, diso osalichotsa pakamera, mphira ikulendewera. Chimlomo cha kamera chinakwera mpaka chinaima pafupi ndi nkhope ya alamu awo.

"Musasunthe. Kali pamphuno panu."

Panamveka phaa. A Esitere anali atadzimenya pamphuno.

"Kadakalipo."

Phaa kachiwiri.

"Kasunthira kumanja."

"Kumanja kwanu kapena kwanga?"

"Kumanja basi."

A Esitere anadzimenya masaya onse awiri kuti asalakwitse. Misozi itayamba kulengeza, anaganiza kuti sitiroberi ndi wofunika koma mphuno ndi imodzi, ndiye anachoka mwakachetechete n'kukaima kumbuyo kwa alamu awo. A Tobias anapitiriza kulankhula ndi malo opanda munthu. Anati tsopano kafika pachipumi, ndipo anayamikira kuti ulendo uno alamu aima bwino osagwedezeka.

"Alamu," anatero a Esitere, "ine ndili kuno."

A Tobias anachotsa diso pakamera. Kutsogolo kwawo kunali thambo, ndi pansi patali madenga a malata a m'tauni akunyezimira. Anabwezera diso. Kachilombo kanali kakuyenda pamtambo.

"Ndiye kuti kamauluka."

"Kali ndi mapiko?"

"Sindikuwaona, koma kakuuluka."

A Esitere anapempha kuti nawo asuzumire. A Tobias anawapatsa monyinyirika, atawachenjeza za mphira. A Esitere anatsinzina diso limodzi, nalozetsa pakheni yothirira: kanali pomwepo. Analozetsa pamtengo wa paini: kanali katafika kale. Analozetsa pansapato ya a Tobias, pakhumbi la makasu, paphiri la kutsidya.

"Kulikonse komwe ndikupita, kakuyamba iko kufika," anatero. "Alamu, kodi kameneka sikali mkatimu?"

"Mu kamera yanga simulowa kanthu."

"Nanga zithunzi zimalowera pati?"

"Zithunzi ndi zina. Ndikuti simulowa chamoyo."

Kuti awatsimikizire, a Tobias anamasula chimtondo chonse cha malenzi, nachigoneka pachikwama, nasuzumira m'kamera yopanda lenzi. Munali kuwala koyera kokhakokha, ndipo pakati pa kuwalako kachilombo kaja kanali kakuyenda modekha, kakugwedeza miyendo yakutsogolo. Anatsitsa kamera pang'onopang'ono.

"Kamera ija munaiika pati?"

"Pofewa."

"Pati?"

A Esitere analoza tsinde la sitiroberi lomwe masamba ake anali akadali opsinjika.

"Kukamwa pansi, monga munanenera. Ndipo fumbi silinalowe."

A Tobias anakhala pamwala, kamera ili pamwendo. Kenako anayamba kufotokoza, koma ngati akudziuza okha, kuti mkati mwa kamera, kudenga kwake, muli kagalasi komwe diso limaonerapo, ndipo kachilomboko kakhala pamenepo. Munthu akadina kuti ajambule, kalilole wa mkatimo amatembenuka, chithunzi n'kudzera njira ina, ndiye chilichonse chokhala pakagalasi kaja sichituluka. Anawonjezera kuti mawa ali ndi ukwati ku Masongola, wa mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo sangathe kujambula tsiku lonse akuona kachilombo kakuyenda pankhope ya mkwatibwi.

"Ndiye mukuti diso limakaona, koma kamera siikaona," anatero a Esitere.

"Ndi zomwe ndanena."

"Foni yanga ili ndi diso."

"Foni yanu ichite chiyani?"

"Isuzumire pomwe mumasuzumira inupo."

A Tobias anaseka mopanda chimwemwe. Anati zimenezo sizichitika, pamavidiyo onse omwe anaonera palibe anachitapo zotero, ndipo kamera ya ntchito siingagundane pakamwa ndi foni yosweka galasi yomangidwa ndi selotepi.

"Mwakhala mukusanjikiza magalasi chifikireni," anatero a Esitere. "Anayi, kenako awiri akuluakulu. Langa limodzi lokha ndiye lalakwa?"

Sanadikire yankho. Anawauza alamu awo kuti alozetse kamera kumwamba kowala ndipo aigwire zolimba. Anagunditsa kadiso ka foni pakabowo kosuzumirira, nasunthasuntha. Poyamba panali mdima, kenako kadontho koyera, kenako kadonthoko kanakula, ndipo kachilombo kanaonekera pafoni, miyendo yake yonse isanu ndi itatu, ndi tiubweya tomwe. A Esitere anadina.

A Tobias anachiyang'ana chithunzicho, nachikulitsa ndi zala, nachiyang'ananso.

"Ndinali pafupi kuganiza zomwezi," anatero. "Ndipo musaiwale kuti galasi lomwe lakulitsa ndi la kamera yanga."

Netiweki padimbapo imapezeka pachimwala chachikulu cha kumtunda, ndiye a Esitere anakwera kumeneko kukatumiza. Anatumiza chithunzi, natumizanso mawu ofotokoza za timadontho tachikasu, timaulusi ta kunsi kwa masamba ndi tinthu tofiirira tija. Za komwe kachilomboko kanali sanatchule, pofuna kusunga ulemu wa alamu awo. Potsika anapeza a Tobias atatulutsa kampira kopemerera fumbi, atakalozetsa kale m'dzenje la kamera.

"Dikirani kaye timve alangizi."

"Chithunzi mwatumiza. Ntchito ya kameneka yatha."

Foni inalira a Tobias asanafinye. Anali mawu a a Hamilton, akumveka kuti atulukira panja pakati pa phunziro. Anayamikira chithunzicho, nati ngakhale m'mabuku awo mulibe chooneka bwino chotero. Kenako anati kachilombo ka pachithunziko si mdani. Oononga masamba ndi tofiirira tija, akangaude ofiira, ndipo ka miyendo yaitalika ntchito yake n'kuwasaka n'kumawadya. Anati mayi Esitere achita mwayi kuti sanathire mankhwala amphamvu, chifukwa akanapha alenje amenewa n'kusiya akangaude akuswana. Anawalangiza kuthothola masamba odwala kwambiri n'kukawatentha kutali, kuthirira madzi kunsi kwa masamba, ndi kudikira kuti iwo adzafike sabata yamawa.

"Koma kameneko, mayi, mukasamale," mawuwo anamaliza. "Timeneto timakhala tochepa. Musakaphe, musakasokoneze. Kasiyeni pomwe kalipo."

A Esitere anatseka foni. Anatambasula dzanja n'kutenga kampira kaja m'manja mwa a Tobias, nakaika m'thumba la diresi.

"Mwamva, alamu. Pomwe kalipo."

"Akunena m'munda."

"Sanatchule munda."

"Chifukwa sakudziwa kuti kali mu kamera."

"Mukufuna ndiwauze?"

A Tobias anayesa kunyengerera. Anati angopemerera pang'ono, kagwere pamasamba bwinobwino. A Esitere anafunsa ngati iwo atapemereredwa ndi mphepo kuchokera pamwamba pa phiri mpaka kunsi ku Chikamveka angafike bwinobwino. A Tobias anati ndiye akatulutse ndi kaudzu, a Esitere anati kaudzu kwa kachilombo kotero ndi mtengo wa bulugama. A Tobias anakumbutsa alamu awo kuti m'mawa womwewo anapha kena ndi chala. A Esitere anati kaja kanali kamdani, aka ndi kantchito, ndipo m'dimba lonse kantchito komwe akukadziwa ndi maso ndi komweka.

Pomaliza anagwirizana kuti kamera aibwezere patsinde lomwe lija, kukamwa pansi, kuti kachilomboko katsike kokha momwe kanakwerera. A Tobias anaikhazika okha ndi manja awo. Anadikira. A Esitere anayamba kuthothola masamba odwala, akuimba chapansipansi. A Tobias ankapita kukanyamula kamera, kusuzumira, n'kuibwezera. Ulendo uliwonse kachilombo kanali momwemo. Ulendo wina anapeza kataima pakona, katapinda miyendo.

"Kagona," anatero ndi mawu otopa.

"Kasiyeni, kayenda kwambiri lero. Kafika mpaka kumitambo."

Chifunga chinayamba kutsika m'mapaini, ndipo wa kabaza yemwe a Tobias anapangana naye kuti adzawatenga analiza hutala kumsewu. A Esitere anatenga beseni lalikulu n'kuvundikira kamera pamodzi ndi tsinde lake, natsamiritsa mwala m'mphepete kuti mpweya uzilowa. Anati usiku akaisunga m'khumbi ndi tsinde lomwelo atalizula ndi dothi lake, ndipo kakadzatuluka adzawaimbira.

A Tobias anaima ndi chikwama chodzaza malenzi koma chopanda kamera. Anayang'ana beseni, anayang'ana kumsewu, hutala inaliranso.

"Nanga ukwati wa mawa ndikajambula ndi chiyani?"

A Esitere anapukuta foni yawo pachitenje, nakanikiza selotepi yomwe inali itayamba kumatuka, naiika m'dzanja la alamu awo.

"Tengani iyi, alamu. Ngati simudziwa kagwiritsidwe kake, khalani pansi ndikuphunzitseni."